Batani lakale lotuluka m'dothi: kulitsuka ndi kulisunga osaliwononga

Batani loyamba labwino limene ndinalipeza ndinaliwononga ndekha, tsiku lomwelo, pasinki ya kukhitchini. Makina anga ofufuzira zitsulo analira chakumadzulo, m'munda wa tirigu wongokololedwa kumene kuno ku England, miyendo itatopa kale. Batanilo linali lobiriwira modera, losalala, ndipo ndikalipendeka padzuwa ndinkaona mutu wa mbalame pamaso pake ndi timadontho ta golide m'mphepete. Nditafika kunyumba ndinalifinyira madzi a mandimu, n'kutenga waya wokwechera mapoto. Sipanathe mphindi khumi. Kubiriwira kunachoka, mbalame ija inapitira komweko, m'manja mwanga n'kutsala kachitsulo kofiirira ka maenjemaenje, kopanda chilembo ngakhale chimodzi. Mpaka lero zimandiwawa.

Ambirife tinakula tikudziwa kuti chitsulo chosamalidwa ndi chowala. Mapoto timawakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka munthu n'kudzionapo nkhope. Pa mapoto n'zoona, koma batani lakale ndi nkhani ina. Mkuwa ukagona m'nthaka zaka zambiri, pamwamba pake pamasanduka kakhungu kobiriwira kapena kodera, kamene akatswiri amakatcha patina. Chithunzi, zilembo ndi golide yense wotsala zimakhala pa kakhungu kameneko, ndipo nthawi zina zimakhala m'kakhungumo mokha chifukwa chitsulo chapansi chinadyeka kale. Ntchito yanu ndi kuchotsa dothi basi. Khungu lisiyeni.

Mukadali m'munda

Kuwononga kumayambira padzenje pomwepo. Chigulumwa chikasweka, kanthu kozungulira n'kuonekera, chala chachikulu chimathamangira kupukuta, ena mpaka amalavulirapo malovu. Ugwireni mtima. M'dothi muli timchenga, ndipo kulitikita pa golide wopyapyala n'chimodzimodzi kupala ndi sandipepa. Linyamuleni m'mbali ndi zala ziwiri, dothi lake lili pomwepo.

Lijambuleni pafoni lili pambali pa dzenje, kenako lembani malo enieni. Foni ili ndi GPS, ndipo kuno anthu amalemba National Grid Reference, nambala yosonyeza malo pamapu a dziko lino. Batani lodziwika komwe linachokera limathandiza kudziwa za mundawo: kuti panadutsa msewu wakale, panagona asilikali, kapena panali nyumba imene inagwa. Malo akaiwalika, zonsezo zapita.

Liikeni m'kathumba kakekake kapulasitiki kapena m'kabokosi koyalamo siponji. Musaliponye m'thumba la buluku momwe muli makiyi, misomali ndi zitsulo zina zimene mwatola tsikulo. Kamphete kakumbuyo, kamene ulusi unkadutsamo, ndiko kamayamba kuthyoka. Kakakhala kopindika musakawongole, kamadukira m'manja. Mukaona timaulusi kapena kansalu katakanirira pakampheteko, kasiyeni momwemo: mkuwa umateteza ulusi kuti usaole, ndipo kachidutswa kameneko nthawi zina n'kosowa kuposa batani lenilenilo.

Batani likakhala lotuwa, lolemerako, m'mphepete mwake mukuyoyoka ngati bisiketi, likutireni ndi dothi lonyowa la pomwepo n'kutseka kathumba, kuti lisaume mwadzidzidzi musanafike kunyumba.

Musanatsuke, onani kaye lamulo

Ndikhulupirira kuti munapempha mwinimunda musanalowe. Kuno kulibe munda wopanda mwini, ndipo zotuluka m'nthaka kawirikawiri zimakhala za mwini nthakayo pokhapokha mutagwirizana mwina. Pamalo otetezedwa ndi boma, amene amawatcha scheduled monument, kuyendapo ndi makinawa popanda chilolezo ndi mlandu.

Ku England ndi ku Wales kuli lamulo la Treasure Act 1996. Chinthu chimene chatha zaka 300, ndipo magawo osachepera 10 pa 100 alionse a chitsulo chake ndi golide kapena siliva, muyenera kukachinena pasanathe masiku 14. Batani limodzi lokha likhoza kulowa m'gulu limeneli. Pali timabatani tasiliva ta m'zaka za m'ma 1600 tokhala ndi mitima iwiri pansi pa chisoti chachifumu, timene akatswiri ambiri amati n'tokumbukira ukwati wa Charles II ndi Catherine of Braganza mu 1662. Mukatola kotere, musakatsuke n'komwe. Mu 2023 lamuloli analikulitsa, moti chinthu chachitsulo chopitirira zaka 200 chikhozanso kulowamo ngati n'chofunika kwambiri pa mbiri ya dziko. Woyamba kumuimbira ndi Finds Liaison Officer wa dera lanu, katswiri woona zakale zimene anthu atola, wa pansi pa Portable Antiquities Scheme, ndondomeko yolemba zakale zoterezi, imene inayamba mu 1997 ndipo ku England imayang'aniridwa ndi British Museum. Kumuonetsa n'kwaulere. Ku Scotland lamulo n'lolimbirapo: chakale chilichonse, kaya n'chasiliva kaya n'chamtovu, chimanenedwa ku Treasure Trove Unit ku Edinburgh.

Kwathu ku Malawi mabatani otere alikonso. Asilikali a King's African Rifles anali ku Zomba kuyambira mu 1902, ku Karonga kunamenyedwa nkhondo ndi Ajeremani mu September 1914, ndipo kuli mabwinja ngati a Fort Lister ku Phalombe. Koma zakale zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990. Kukumba pamalo oterewa kapena kutulutsa zakale m'dziko popanda chilolezo n'koletsedwa. Batani likatuluka polima, kadziwitseni a Dipatimenti ya Museums and Monuments.

Dziwani chitsulo chimene mwagwira

Yalani kansalu koyera patebulo, pafupi ndi zenera. Pezani galasi lokulitsa zinthu, makamaka lokulitsa kakhumi, maginito aang'ono, timitengo totokosera m'mano, burashi yofewa yojambulira zithunzi, ndi timitengo tathonje totokosera m'makutu. Jambulaninso batanilo kumaso ndi kumbuyo, rula ili pambali. Chithunzi chimenechi ndicho chidzakuuzeni mawa ngati mwakonza kapena mwawononga.

Yandikizani maginito pang'onopang'ono, osagunditsa. Akakoka, penapake pali chitsulo chogwira dzimbiri, kawirikawiri kamphete kapena chivundikiro chakumbuyo. Batani lotere lisaone madzi.

Lobiriwira kapena lodera ndi la mkuwa, ndipo ambiri amene mungatole ndi amenewa. Lotuwa monyezimira, losalala ngati lapangidwa dzulo, lafulati, kawirikawiri ndi la tombac, mkuwa wosakaniza ndi zinki umene unatchuka m'zaka za m'ma 1700. Limenelo silivuta, dothi limangoyoyoka lokha. Lotuwa mozimiririka ndi loyoyoka m'mphepete lija ndi la pewter, chitsulo chofewa cha tini amene kale ankamusakaniza ndi mtovu. Siliva amatuluka wakuda kapena wotuwa mopita kupepo. Palinso mabatani a akuluakulu a asilikali a m'ma 1700, amene pamaso pake ndi kachitsulo kopyapyala kokutira fupa kapena mtengo. Amenewa musawanyowetse, chifukwa fupa ndi mtengo zikatupa n'kuumanso zimang'amba kachitsuloko.

Tsopano yang'anani khungu ndi galasi lija. Ngati ndi losalala, lolimba, logwirana ndi chitsulo paliponse, mukhoza kupitiriza. Ngati likufundukafunduka, lili ndi ming'alu, kapena kakamba kamodzi kachoka n'kuonetsa kufiira pansi, imani pomwepo. Limenelo ndi la katswiri wosamala zakale. Bungwe la Icon, Institute of Conservation, lili ndi kaundula wa akatswiri otere. Paja safunsa anadya phula, ndipo batani losowa silipezeka kawiri.

Kuchotsa dothi

Batani lamkuwa lisiyeni liume lokha pamthunzi, m'nyumba, tsiku limodzi kapena awiri. Osati padzuwa, osati pa hita. Dothi likauma limakhwinyata n'kuyamba kulekana ndi chitsulo, ndipo gawo lalikulu limachoka ndi burashi yofewa yokha.

Lotsalalo ndi la kamtengo kotokosera m'mano. Ligonekeni batani pakansalu, ligwireni m'mbali, galasi lili pamaso. Yambirani kumbuyo, kuti dzanja lizolowere pamalo osaonekera kwambiri. Kamtengo kagone chopendekera, ndipo muzikankha dothi chammbali ngati mukusenda, osati kubaya choloza pansi. Gwirani kadera kakang'ono ngati njere ya mpunga, sesani ndi burashi, yang'anani, kenako sunthani. Nsonga ikabuntha kapena ikadetsedwa, tengani kamtengo kena, chifukwa nsonga yomata mchenga imakanda ngati tupa.

Pamene pali tizilembo ting'onoting'ono, munga umagwira bwino kuposa kamtengo. Akatswiri amene anatsuka chuma cha Staffordshire Hoard, chimene munthu wina anachipeza ndi makina ngati athuwa mu 2009 pafupi ndi Lichfield, ankachotsa dothi pa golide ndi minga ya zitsamba. Munga ndi wakuthwa mokwanira kulowa m'timipata, koma ndi wofewa kuposa chitsulo. Kuno ndimathyola ya hawthorn kumpanda wa munda. Kwathu ya mthethe ingagwire ntchito yomweyo. Singano, phini ndi nsonga ya mpeni zikhale kutali.

Mtundu wa zimene zikuchoka ndiwo ukuuzeni poima. Fumbi lofiirira kapena lakuda ngati dothi la m'munda uja, pitirizani. Nsonga ya kamtengo ikayamba kubiriwira, ndiye kuti mwafika pakhungu, ndipo pamenepo m'posiyira. Ine ndimasiya dala dothi pang'ono m'mizere yozama ya chithunzi ndi m'kati mwa zilembo. Limachititsa kuti chithunzi chioneke bwino, ngati inki, ndipo silivulaza kanthu likakhala louma.

Ntchito imeneyi isamathe tsiku limodzi. Mphindi 20 zikakwana maso amatopa, dzanja limayamba kulemera, ndipo m'pamene munthu amakanda. Batani limene ndimalikonda kwambiri m'bokosi langa, la wantchito wa m'nyumba ya anthu olemera, lokhala ndi mkango utanyamula dzanja limodzi, linanditengera madzulo asanu ndi limodzi. Tsiku loyamba ndinkangoona chotupa chosadziwika. Tsiku lachinayi m'pamene mchira unatuluka, utapindikira pamsana, ulusi uliwonse wa ngayaye yake ukuwerengeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga madzi?

Madzi ndi a batani lamkuwa lolimba khungu lokha, komanso pokhapokha dothi ladongo litakaniratu. A pampopi ali ndi klorini ndi mchere wina, choncho gulani madzi oyeretsedwa bwino amene amathira m'batire ya galimoto, olembedwa kuti distilled kapena deionised. Onetsetsani kuti ndi madzi, osati asidi wa batire. Nyowetsani kamtengo kathonje, kafinyeni, n'kukagubuduza padothipo, osatikita. Thonje likada, tayani, tengani lina. Kuviika batani lonse m'kapu usiku wonse n'kumene kumasukula khungu lofooka.

Mukamaliza, gubuduzanipo thonje lonyowa ndi spirit wa isopropyl kapena acetone weniweni wa ku famase, kuti akoke madzi otsala. Acetone wochotsera utoto wa m'zikhadabo ayi, muli mafuta ndi zonunkhiritsa. Tsegulani zenera, ndipo moto ndi ndudu zikhale kutali.

Pa batani lagolide ndiye pofunika dzanja lopepuka koposa. Golide wake ndi wopyapyala kwambiri, ndipo kawirikawiri sakhalanso pachitsulo cholimba, amangokhala pamwamba pa khungu lodyeka. Mudzamva anthu ena ofufuza zitsulo akuti madzi a mandimu osungunula amawalitsa golide. N'zoona, amawala, koma asidi yemweyo amalowa m'timing'alu n'kudya chimene chikugwira golideyo pansi. Pa batani wamba amene muli nawo ambiri, zili kwa inu. Pa losowa, ine ndimakana. Musaliwotchenso pamoto pofuna kumasula dothi: chisanafike chaka cha 1840, pamene a Elkington a ku Birmingham anabweretsa njira yokutira golide ndi magetsi, golide ankamumata ndi mercury, ndipo utsi wake ndi poizoni.

La pewter musalitsuke ndi madzi, ndipo kamtengo kasayandikire m'mphepete. Tsegulani kathumba pang'ono kuti liume pang'onopang'ono kwa masiku angapo, kenako sesani ndi burashi yofewa basi. Ufa woyera umene umachokapo ukhoza kukhala wa mtovu, ndiye musaupuze ndi pakamwa, ndipo sambani m'manja mukamaliza. Mabatani amenewa ndi ofunika kuwaleza mtima chifukwa ambiri ndi a asilikali wamba a ku Britain. Kuyambira mu 1767 ankalembapo nambala ya gulu la asilikali, ndipo anapitiriza kuvala a pewter mpaka 1855. Nambala imeneyo ikayoyoka, simudzadziwanso kuti msilikaliyo anali wa gulu liti.

Siliva musamupolishe. Kudako sikumupweteka, pamene polishi amafufuta tizidindo ting'onoting'ono tosonyeza wopanga.

Zina zimene zili m'nyumba mwanu ndizitchule ndi maina, chifukwa zonse anthu amaziyesa: viniga, Coca-Cola, tomato sosi, soda wophikira, mankhwala otsukira m'mano, Brasso, burashi yawaya, ndi kutsuka ndi magetsi m'madzi amchere. Zina zimasungunula khungu, zina zimalipala. Mafuta a olive, amene ambiri amaviikamo ndalama zakale, amadetsa mkuwa mpaka chithunzi kubisika, amalowa m'kati osatulukanso, ndipo akamavunda amasanduka asidi.

Werengani kumbuyo

Kumbuyo n'kumene batani limanena zaka zake. Zimitsani getsi, walitsani tochi ya foni chammbali kuti kuwala kukwawe pamwamba, ndipo zilembo zimene simunkaziona zidzatulukira ndi mithunzi yake. Kukanda kofuna kuwerenga chilembo chimodzi n'kosafunika, tochi imawerenga bwino kuposa kamtengo.

Mukaona mawu ngati TREBLE GILT, DOUBLE GILT kapena STANDARD COLOUR, mwagwira batani la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mwina linapangidwa ku Birmingham, mzinda umene unali chimake cha mabatani. Mawuwa ankanena za kuchuluka kwa golide. Chinyengo chinakula mpaka mu 1796 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kulemba kuti batani ndi lagolide pamene golideyo ndi wosakwanira. Ena amakhala ndi dzina la wopanga ndi adiresi yake, monga Firmin wa ku 153 Strand ku London, Jennens, kapena Gaunt. Popeza makampaniwa ankasamuka ndi kusintha maina, adiresi yokha imachepetsa zaka zoganizira.

Kumaso, chisoti chachifumu chimathandizanso. Cha nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu 1901, n'chosiyana ndi cha mafumu amene anatsatira mpaka 1952, ndipo chinasinthanso mu ulamuliro wa Elizabeth II. Batani lamkuwa lokhala ndi mkango mbali ina, nyama yonga hatchi ya nyanga imodzi mbali inayo, ndi la asilikali wamba kuyambira mu 1871. Amenewo alipo ambirimbiri, ndipo ndi abwino kuphunzirirapo dzanja musanakhudze losowa.

Kuumitsa, ndi matenda a mkuwa

Batani looneka louma kunja limakhala ndi chinyontho m'kati. Liikeni m'kontena yapulasitiki yotseka bwino, pamodzi ndi silica gel, timikanda toyamwa chinyontho, wokwanira kudzaza dzanja, osati kapaketi kamodzi ka m'bokosi la nsapato. Gulani wa timikanda ta olenji timene timasintha mtundu tikakhuta madzi, ndipo akhale m'kathumba kakekake kobowola, asagundane ndi batani. Tsekani, muiwale kwa sabata ziwiri.

Kudikira kumeneku kuli ndi ntchito inanso. M'nthaka muli mchere, wina wachilengedwe, wina wa feteleza, ndipo umalowa pansi pa khungu la mkuwa. Ukakumana ndi mpweya ndi chinyontho umayamba kudya chitsulo kuchokera m'kati. Amawatcha bronze disease, matenda a mkuwa. Chizindikiro chake ndi timadontho tobiriwira motuwa, taufa, totukuka pamwamba ngati nkhungu ya pansima yogona. Khungu labwino ndi lobiriwira modera ndi lolimba, kamtengo kamangotsetsereka. Matendawa ndi ofewa, amayoyoka mukangokhudza, ndipo mukawasesa lero amabwerera pamalo pomwepo pakapita masiku.

Mukawaona, patulani batanilo, sesani ufawo mosamala, n'kulibwezera m'kontena youma. Chinyontho cha mumpweya chikatsika pansi pa 40 peresenti, matendawa amaima. Timakadi toyezera chinyontho timagulitsidwa motchipa, ikanimo kamodzi kuti muzingoyang'ana osatsegula. Mankhwala alipo, benzotriazole, amene akatswiri amasungunula mu spirit, koma ndi oopsa pakhungu ndi m'mapapo. Amenewo asiyireni eni ntchito. Chachikulu n'chakuti musapake phula kapena vanishi pamwamba pa matenda, chifukwa mwangowatsekera m'kati kuti adye mobisika.

Batani lokhala ndi kamphete kachitsulo limafuna kuuma koposa apa, pansi pa 15 peresenti. Timadontho tamadzi ofiirira tikamatuluka padzimbiri, ndiye kuti likudyekabe.

Kupaka kapena kusapaka

Batani lolimba, louma, losungidwa bwino silifuna kupakidwa kanthu, ndipo ambiri mwa anga sindinawapake. Koma ngati muziligwiragwira kapena kulionetsa anthu, phula la Renaissance Wax, limene linapangidwa m'chipinda cha kafukufuku cha British Museum m'zaka za m'ma 1950, limathandiza. Tapani kochepa ngati mutu wa machesi, pakani ndi burashi yofewa, dikirani pang'ono, pukutani mopepuka ndi kansalu kathonje. Likaoneka loyera m'mizere, mwachulutsa. Dziwani kuti limadetsa khungu pang'ono, ndiye yambani mwayesa kumbuyo. Vaselini, polishi wa nsapato ndi phula la kandulo si zolowa m'malo mwake.

Khungu lofunduka ndi m'mphepete mwa pewter zimafuna chomata, osati phula. Akatswiri amagwiritsa ntchito Paraloid B-72, timibulu toonekera kuseri timene amasungunula mu acetone, magalamu 5 mu mamililita 100. Nsonga ya burashi imangokhudza m'mphepete, madziwo n'kulowa okha m'ming'alu. Ubwino wake ndi wakuti acetone yemweyo amachotsanso mawa. Vanishi wa zikhadabo ndi supa gulu musazipake. Ngati batanilo mukukalionetsa kwa Finds Liaison Officer, pitani nalo lisanapakidwe chilichonse.

Posungira

Pezani timatumba ta polythene totseka pakamwa, tokhala ndi mizere yoyera yolembapo. Bowolani timabowo tingapo chakumtunda ndi phini kuti thukuta lisamangike m'kati, lowetsanimo kachidutswa ka siponji ya Plastazote, batani ligone pamenepo, kamphete kali m'kadzenje kake. Timatumbato tilowe m'kontena ija ya silica gel. Mapulasitiki ofewa a PVC, ngati a m'mabuku ena osungiramo ndalama zakale, amatulutsa zinthu zimene zimasiya utoto wobiriwira wonanda pamkuwa. Thonje lisagundane ndi batani kwa nthawi yaitali, limasunga chinyontho ndipo limakola m'zofunduka.

Kabokosi kokongola kamatabwa kamakopa, koma matabwa, makamaka a oak, pamodzi ndi katoni wamba ndi zomatira zina, amatulutsa mpweya wa asidi umene umasandutsa mtovu ndi pewter kukhala ufa woyera. Kontena yapulasitiki yosungiramo chakudya ndi yabwino kuposa. Ikhale m'chipinda chimene mumagona kapena kukhala, osati m'galaja, m'denga kapena pafupi ndi bafa. Nyumba za kuno zimachita thukuta m'mazenera nyengo yozizira, ndipo kwathu miyezi ya dzinja, makamaka kunyanja, chinyontho chimalowa paliponse. Poligwira valani magolovesi a nitrile, chifukwa thukuta la m'zala lili ndi mchere womwe uja.

Kamodzi pamwezi yang'anani kakadi ndi mtundu wa timikanda. Tikasintha, tiyanikeni mu uvuni pamoto wochepa, pafupifupi madigiri 100, mpaka mtundu ubwerere, tizizire m'botolo lotseka, n'kutibwezera.

Pakathumba lembani ndi peni yosafufutika: tsiku, malo, kuya kwa dzenje, kukula kwa batani m'mamilimita, kulemera kwake m'magalamu, ndi mawu akumbuyo monga momwe alili. Lembaninso chilichonse chimene mwapakapo, kaya ndi phula kaya ndi Paraloid, ndi tsiku lake, kuti wodzaligwira pambuyo panu adzadziwe chochotsera. Zomwezo zikopereni m'kope kapena pakompyuta pamodzi ndi zithunzi zija za lisanatsukidwe.

Mukamaliza, pitani nalo kwa mwinimunda akalione. Linyamuleni m'kathumba kake momwemo, m'kontena yaing'ono, ndipo tengani galasi lija kuti aonere pamenepo osalitulutsa. Mufunseni ngati chizindikirocho anachionapo pageti, patchalitchi kapena pamanda a m'deralo. Mkango wanga uja mlimi anauzindikira nthawi yomweyo: uli pamwala wa pamwamba pa chipata cha nyumba yaikulu imene makolo ake ankalipirako lendi ya mundawo. Dzina la banjalo ndinalilemba pakathumba madzulo omwewo, pansi pa nambala ya malo.